Ng'oma za Kuseri kwa Khoma

Ndege ndinazizolowera. Munthu ukakhala ku Al Garhoud, pafupi ndi bwalo la ndege la Dubai, zaka zisanu ndi zinayi, ndege imadutsa pamwamba pa denga iwe osatukula ndi mutu womwe. Chimene chinandikanika kuzolowera ndi zidebe.

Aneba atsopano analowa fulati yoyandikana ndi yanga kutentha kutangoyamba. Anali mayi wina wa ku Zambia, wojintcha, wosintha mawigi ngati masokosi, dzina lake Stellah, pamodzi ndi atsikana angapo ogona nawo. Sabata yoyamba kunali zii. Yachiwiri anayamba. Akaweruka kuntchito madzulo ankavundikira zidebe zapulasitiki n'kumaziomba ngati ng'oma, ena akuimba, ena nthungululu. Khoma la kuchipinda kwanga ndi lomwelo la pabalaza pawo. Ine ndimadzuka kusanache kupita kuntchito ku hotelo, ndipo mwana wanga Lily, wa zaka khumi ndi zitatu, anali pafupi kulemba mayeso.

Tsiku lina ndinamupeza atakhala m'bafa louma, pilo kumsana, buku la masamu pamaondo.

"Ukutani muno?"

"Muno ndiye mwa phee pang'ono, amayi. Tsekani chitseko."

Ndinatseka chitsekocho, n'kupita kukagogoda kwa anebawo. Anatsekula ndi Stellah yemweyo, thukuta lili kamukamu, chitenje atamanga m'chiuno.

"Pepani mayi," ndinatero, "mwana akuwerenga. Tatsitsaniko."

"Ni mwambo, amake mwana. Tilanga mkwatibwi. Kwanu ku Malawi simulanga ana?"

"Timalanga, koma kumudzi, kumene kuli bwalo. Kuno khoma ndi bisiketi."

"Pirirani chabe. Ukwati ukapita muzagona."

Kenako anandiyang'ana kuyambira pa masilipasi mpaka pa duku, pang'onopang'ono, ngati munthu woyesa nkhuku pamsika.

"Ndimwe a Tinenenji, eti?"

Dzina langa ndinali ndisanamuuze. Ndinangoti mwina wamva kwa alonda apansi.

Ndinakadandaula ku ofesi yoyang'anira nyumbayo kawiri. Anandiyankha kuti anebawo amasiya isanakwane nthawi imene malamulo a nyumbayo amaletsa phokoso, choncho palibe mlandu. Zinali zoona. Mayiyo ankaidziwa wotchi.

*

Potiphar ndi makaniko ku Ras Al Khor, kwawo ndi ku Chipata. Tinadziwana galimoto yanga itafa pamsewu. Galimotoyo ndinagulitsa kalekale, iye anatsala. Si mwamuna wolankhula zotsekemera, ndipo n'chimene ndinamukondera. Mpopi ukadontha amabwera ndi sipanala. Lamlungu lililonse ankakwera kudzagogoda ali ndi shawarma ya Lily, buledi wokulungamo nyama yowotcha, n'kukhala pabalaza chitseko chili chotsekula, chifukwa anadziwa kuti pamaso pa mwana wanga sindifuna zachibwana.

Koma chilowereni anebawo, Potiphar anasiya kukwera.

Lamlungu lina uthenga wake unalowa pafoni: "Nafika. Nili pa filing'i siteshoni."

"Kwerani. Lifiti ikuyenda."

"Malo oimika galimoto avuta. Bwerani chabe."

Ndinasuzumira pawindo. Pansi panali malo okwana basi yonse. Ndinavala nsapato n'kuyenda padzuwa mpaka kumene anali.

Tinapita ku Jumeirah Lake Towers, kukakhala pansi pa mthunzi m'mbali mwa madzi, aliyense ndi kapu yake ya karak, tiyi wamkaka wa kuno. Anandiyang'ana m'maso n'kupukusa mutu.

"Amake Lily, mwaonda. Simugona."

"Ndigona bwanji anthu akwanu akuomba zidebe m'khutu mwanga?"

Sanaseke. Anatembenuza kapu yake m'manja.

"Chokanimo mu nyumba ija."

"Ndipite kuti?"

"Napeza fulati pafupi ni kugalaja. Zipinda ziwiri, Lily chake. Tipite kukhoti tikwatirane, tilowe mwezi wamawa. Yalla, tiyeni, tachedwa kale."

Chaka ndi theka ndinkadikira mawu amenewo. Atabwera, anabwera ngati munthu akukuuza kuti tayala latha.

"A Potiphar, mukudziwa chimene nyumba ija ili kwa ine? Ndinalowa lendi ili yotsika, ndipo lamulo la kuno silimulola landilodi kundikwezera mmene akufunira. Amene akulowa lero m'nyumba yomwe ija akulipira pafupifupi kawiri. Ndikangotuluka, basi, mtengo umenewo sindidzauonanso. Ndekha sindingakwanitse fulati ina mu Dubai muno."

"Simuzakhala mwekha."

"Ndisanathe. Viza ya Lily ikutha miyezi iwiri ikubwerayi. Pokaikonzanso amafuna Ejari, umboni wa boma woti ndili ndi nyumba ya lendi m'dzina langa. Popanda Ejari, mwana wanga akwera ndege kubwerera ku Blantyre kwa abambo ake, amene sadziwa n'kalasi yomwe mwanayo ali. Mukundimva?"

"Ejari tizapanga ina. Dzina lanu lizakhalapo."

"Nanga abale anu? Munandiuza kuti muli ndi achemwali anu mu Dubai momwemuno. Mpaka lero sindinawaone ngakhale pachithunzi."

"Ba sisita ni ovuta. Tiyambe takwatirana, azamva pambuyo."

"Kwathu ukwati wopanda ankhoswe ndi chibwenzi chokhala ndi makatani."

Apo anaseka pang'ono, n'kugwira dzanja langa. Manja ake ndi okhakhala, mafuta a injini sachoka m'zikhadabo. Ndinatsala pang'ono kufewa. Pomwepo foni yake inalira patebulo. Anaitembenuza msanga, koma ndinali nditawerenga kale: Melody.

"Melody ndi ndani?"

"Kasitomala. Galimoto yake ivuta magiya."

"Yankhani, magiya angathe."

"Lero ni Sande. Siniseŵenza."

Foniyo inaliranso kawiri tisananyamuke. Magiya amenewo anali ovutadi.

Pobwerera ananditsitsanso pa filing'i siteshoni.

*

Sabata yotsatira aphunzitsi a Lily ananditumizira uthenga wakuti mwanayo wagona m'kalasi kachiwiri, ndipo mayeso oyeserera a masamu walephera. Lily sanalepherepo masamu chibadwire. Ine ndemwe ndinali nditagona m'basi mpaka kupitirira siteji yanga, kudzutsidwa ndi dalaivala.

Loweruka anebawo anayamba masana. Kunabwera alendo, lifiti kumangokwera ndi kutsika. Chithunzi cha malemu amayi anga chimene chinali pakhoma chinagwedezeka mpaka kugwa, galasi n'kusweka. Ndikutola magalasiwo ndinamva Lily akulira m'bafa, kulira kobisa kwa mwana wosafuna kuvutitsa mayi ake.

Ndinakhala pansi pomwepo n'kutenga foni.

"Za fulati zija mukunena zoona?"

Anayankha nthawi yomweyo. "Zoona. Mwezi wamawa tilowa, inshallah."

"Musandiuze inshallah. Inshallah ya kuno ndimaidziwa, ndi ya munthu amene sabwera."

"Nalumbira pa Mulungu. Lolemba pitani mukawauze kuti muchoka."

"Mukundithamangitsiranji chonchi?"

Pafoni panaoneka kuti akulemba, akusiya, akulembanso. Kenako: "Nifuna mugone, Tine. Ni ichi chabe."

Ndinalowa m'bafa muja n'kukhala m'mphepete.

"Lily, tikati tisamuke?"

"Kupita kuti?"

"Kwina. Limodzi ndi ankolo Potiphar."

Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Mukwatiwa nawo?"

"Akutero."

"Inuyo mukuti bwanji?"

"Ine ndatopa."

"Bola kukakhale chete, amayi. Komanso ankolo amadziwa masamu a mafulakishoni."

Usamufunse mwana maganizo ngati sukufuna kukankhidwa.

*

Lolemba nditaweruka ndinapita ku ofesi ija. Ajenti wake ndi bambo wamfupi wa ndevu zapamlomo, amene zaka zonsezi sanandipatseko ndi mpando womwe. Chaka chilichonse ankandiuza kuti landilodi akulira, fulati yanga ikumulowetsa pansi. Nditamuuza chimene ndabwerera, anaimirira yekha kukanditengera tiyi.

"Madamu, mwaganiza bwino. Phokoso ndi loipa kwa mwana."

"Kontirakiti ikuti ndikachoka isanathe ndilipire lendi ya miyezi iwiri. Ndalama imeneyo ndilibe. Ndabwera kuti tikambirane."

"Palibe chindapusa, madamu. Landilodi ndi munthu wachifundo."

Ndinaika kapu pansi. Landilodi ameneyo anakana kundikonzera makina oziziritsa m'nyumba mwezi wathunthu nthawi yotentha.

"Chifundo chimenechi chayamba liti?"

Anamwetulira. "Alipo kale munthu woifuna fulati yanu. Wakhala akufunsa sabata iliyonse. Inu mukangosaina, mwezi ukatha mupereka makiyi, Ejari yanu tiifafaniza, khalas, nkhani yatha."

"Ndani ameneyo?"

"Kasitomala, madamu."

Dubai yense anali atadzaza makasitomala opanda nkhope. Ndinagwira cholembera. Ndinaganiza za Lily m'bafa. Ndinaganiza za galimoto yoima pa filing'i siteshoni. Ndinaimbira Potiphar kuti ndimve mawu ake komaliza, koma foni inangoitana. Uthenga unabwera: "Nili pansi pa galimoto. Sainani, osaopa."

Ndinasaina. Ajentiyo analanda pepalalo inki isanaume.

"Shukran, zikomo madamu. Malizani tiyi."

Tiyiyo ndinamusiyira.

*

Ndikutuluka mu lifiti ndinamva kuti ayamba kale. Mtima unandiuza kuti ndilowe m'nyumba mwanga ndikhale chete. Koma munthu ukataya chinthu chachikulu umafuna wina adziwe. Ndinagogoda.

Stellah anatsekula, n'kumwetulira ngati amandidikira.

"Aneba. Mwabwera kudandaula futi?"

"Ayi. Ndabwera kudzakuuzani kuti mwapambana. Ndasaina, mwezi ukatha ndikuchoka. Muziomba mpaka zidebe zibooke."

Anatembenukira m'nyumba n'kuimba nthungululu yaitali. Atsikana aja anamulandiza.

"Loŵani, loŵani. Simungapite osamuona mkwatibwi amene wakusowetsani tulo."

Anandikoka dzanja ndisanakane. Pabalaza anali atachotsa mipando yonse n'kuyala mphasa. Azimayi anakhala mozungulira, zidebe pakati pa miyendo. M'mbali munali miphika ikuluikulu yatsopano, yomangidwa m'nsalu zoyera. Stellah anaona kuti ndikuiyang'ana.

"Ni ya chilanga mulilo. Kwanu kulibe, eti? Akuchikazi aphika zakudya zonse za kwawo, anyamula pamutu na ng'oma, apereka kwa mwamuna. Akadya, ninshi wavomera pamaso pa anthu. Sabwerera."

Pakati pa mphasa panagwada mtsikana atafunditsidwa chitenje kumutu. Patebulo, foni inatsamira mphika, ndipo pa foniyo panali nkhope ya mayi wachikulire wovala duku la Chigwirizano, akuonera zonse ali kutali.

"Awo ni amama, ali ku Chipata," anatero Stellah. "Saphonya tsiku."

Ku Chipata. Kwawo kwa Potiphar.

Stellah anavundukula chitenje chija. Mtsikanayo anali wamng'ono, mwina wa zaka makumi awiri ndi zisanu, wosalala, maso ali pansi.

"Melody, pereka moni kwa aneba."

Mtsikanayo anaomba m'manja mwaulemu. "Muli bwanji, amama?"

Amama. Ndinayang'ana manja ake. Sanali manja a munthu amene anagwirapo chiwongolero, kaya magiya.

"Mwamuna wake ndi ndani?" ndinafunsa, mawu akutuluka ngati a munthu wina.

"Mlongo wanga. Makaniko ku Ras Al Khor. Mwina mumudziŵa, kale enze kubwera maningi mu nyumba ino pa Sande. Ndiye ananiuza kuti kuno kuli mafulati abwino." Anawongola wigi yake. "Mbale zofunsira ukwati zinapita kale kwa makolo a mtsikana, ndipo analandira. Ife kwathu sititenga mkazi wopeza na mwana wa mwamuna wina pamene atsikana alipo. Simunalakwe kanthu, amake mwana. Ni mwambo chabe."

Ndinatembenuka kuti ndituluke, ndipo nthawi yomweyo lifiti inatseguka.

Potiphar anatuluka atasenza ng'oma paphewa. Ng'oma yeniyeni, yachikopa, yaitali. Anali akuyenda monyang'ama, maso ali pa chitseko changa, ngati mwana wodutsa pakhomo pa galu wolusa. Sanaganize kuti ndingakhale pa chitseko chinacho. Atandiona anaima chilili.

"Tine."

"Mwatuluka pansi pa galimoto?"

Anatsitsa ng'omayo pansi, n'kuyandikira, mawu ali pansipansi.

"Tiyeni tikambe panja. Sininavomere ine. Ananituma chabe kukatenga ng'oma, nikakana amama BP ikwera. Nenze kufuna tikwatirane msanga, zonse izi zikalibe kufika. Ndiye chifukwa nenze kufuna muchoke pano."

"Munkafuna ndichoke kuti ndisaone."

"Kuti musavutike."

"Miyezi yonseyi mwana wanga akuwerengera m'bafa, inu mukudziwa kuti zidebezo akuombera inu?"

Stellah anali atanyamula kale foni ija patebulo. Anabwera nayo pakhomo n'kuilozetsa kwa ife awiri.

"Amama, Potiphar wabwera na ng'oma."

Mayi wachikulireyo anayandikitsa nkhope pagalasi, akutsinzinira diso limodzi.

"Wachita bwino, mwana wanga. Nanga uyo mzimayi waimirira naye pafupi ni ndani?"

Ndege inadutsa pamwamba, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri ndinaimva. Ndinamuyang'ana Potiphar. Sindinkafuna zambiri. Dzina langa lokha likanakwana.

Iye anatembenukira ku foniyo.

"Ni aneba, amama."

"Aneba osamuka," anawonjezera Stellah mokoma. "Fulati yawo natenga ine, amama. Nalipira kale chikole ku ofesi. Potiphar na Melody azakhala pafupi na ine, khomo na khomo, niziwayang'anira bwino."

Potiphar anatembenuka ngati waponda moto.

"Ba sisita, mwachita chani?"

"Nakupezera nyumba. Unganiyamike pambuyo." Kenako anandiyang'ana ine. "Makatani anu aja a buluu nimawaona pawindo. Mukafuna kugulitsa, tikambirane."

Ndikanakhala mtsikana ndikanamuvula wigi ija. Koma ndine mayi wa munthu, ndipo mu Dubai ukamenya munthu amakukweza ndege. Ndinalambalala ng'oma ija n'kutsekula chitseko changa. Potiphar anaitana dzina langa, tsopano mokweza, pamene linalibenso ntchito. Ndinakhoma.

*

Ndinaimbira ajenti uja ndili chiimire kuseri kwa chitseko.

"Bambo, pepala lija ling'ambeni. Ndasintha maganizo."

"Pepani madamu, lapita kale kwa landilodi. Ndipo wolowa watsopano wasaina. Khalas."

"Viza ya mwana wanga ikudalira nyumba imeneyi."

"Pezani ina msanga, madamu. Nyumba zilipo zambiri."

Zilipodi zambiri, za anthu olandira kawiri kuposa ine.

Foni inanjenjemera m'manja mwanga. Potiphar.

"Nalakwa. Nenze na mantha. Fulati ya kugalaja ilipo zoona, koma mwini wake afuna pepala la ukwati tikalibe kusaina."

Uthenga wina unalowa.

"Amama akwera ndege, afika pa Chisanu kubwera ku chilanga mulilo. Nizawauza pamaso. Chakudya chija sinizadya. Nipatseni mpaka pa Chisanu, Tine."

Munthu amene walephera kutchula dzina langa pafoni ankandilonjeza kuti adzakana miphika khumi pamaso pa amayi ake. Ndipo choipa kwambiri n'chakuti Ejari yokhayo imene ndinkaiona patsogolo panga inali m'manja mwa munthu ameneyo.

Kuseri kwa khoma anayamba kuyesa ng'oma ija. Zidebe zija zinali masewera. Iyi inkalowa m'chifuwa, makapu m'kabati n'kumagundana.

Lily anatuluka kuchipinda atanyamula katoni imene anapempha kwa alonda. Mabuku ake anali atawalongedza kale, pamwamba atalemba dzina lake ndi cholembera chofiira. Nkhope yake inali yowala kuposa mmene ndinaionera miyezi yonseyi.

"Amayi, mwasaina?"

"Ndasaina."

"Ndiye aombe mmene angathere, ife tikupita." Anaika katoniyo pafupi ndi chitseko n'kupukuta manja pa siketi. "Ankolo abwera liti kudzationetsa nyumbayo?"

Foni inali ikadali m'dzanja langa, uthenga uja uli poyera. Ndinaitembenuza, monga mmene iye anatembenuzira yake tsiku lija.

"Tenga buku la masamu m'katonimo," ndinatero. "Ukawerengere m'bafa."